Kodi tsiku lolankhula ngati Shakespeare lingathandize ana anga a Folomu 4?

Funso: Ndimaphunzitsa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza. Pa Facebook ndinaona anthu a kunja akulemberana "thou art" ndi "methinks", ati pa 23 Epulo ndi tsiku lolankhula ngati Shakespeare. Tsiku limeneli linachokera kuti? Ana anga a Folomu 4 akulimbana ndi Macbeth, koma ambiri amangoloweza manotsi, buku lenilenilo kulithawa. Kodi nditawachititsa zimenezi zingawathandize, kapena ndingowasokonezera Chingerezi chimene akuvutika nacho kale?

Yankho: Aphunzitsi, achititseni ndithu. Komabe mantha anuwo si opanda pake. Pali kachitidwe kena ka tsikuli komwe kamasiya mwana akuganiza kuti chilankhulo cha Shakespeare ndi Chingerezi chamasiku onse chomwe angochimata "eth" kumapeto kwa liwu lililonse, ndipo mwana wotere amachoka atasokonezeka kuposa mmene anabwerera. Palinso kachitidwe kena komwe kamatsekula makutu, ndipo pa kameneka mwana amene anayamwa Chichewa ali ndi mwayi umene mnzake wa ku London alibe. Ndifikapo. Ndiyambe ndi kumene tsikuli linachokera.

Si mwambo wakale, ndipo sunayambire ku England. Unayambira mumzinda wa Chicago ku America m'chaka cha 2009. Gulu la zisudzo la Chicago Shakespeare Theater, lomwe nyumba yake ili pa Navy Pier m'mbali mwa nyanja ya Michigan, linkafuna njira yosangalatsa yokumbukirira kuti patha zaka 445 chibadwire William Shakespeare, ndipo meya wa mzindawo pa nthawiyo, Richard M. Daley, analengeza kuti pa 23 Epulo chaka chimenecho likhale tsiku la Talk Like Shakespeare. Kunali kale tsiku lina la mtundu womwewu, la pa 19 Sepitembala, pomwe anthu amayerekeza kalankhulidwe ka achifwamba a panyanja a m'mafilimu, choncho anthu sanavutike kumva kuti akuitanidwira kumasewera. Maofesi satsekedwa, ana amapita kusukulu ngati masiku onse. Kungoti m'makalasi, m'malaibulale ndi pa intaneti anthu amapatsana moni, kuitanitsa khofi, kufunsirana ndi kunyozana mongocheza m'Chingerezi cha zaka 400 zapitazo.

Pa za 23 Epulo pali kanthu kamene ndi bwino ana akauzidwe moona. Tsiku lenileni limene Shakespeare anabadwa silinalembedwe. Chimene chinalembedwa, m'kaundula wa tchalitchi cha Holy Trinity ku Stratford-upon-Avon, ndi ubatizo wake pa 26 Epulo 1564. Makanda ankabatizidwa patangopita masiku ochepa, ndiye anthu a m'mbuyo mwake anawerenga chobwerera masiku atatu n'kukhazikika pa 23, tsiku lomwe linawakomera pawiri: ndi la George Woyera, nkhoswe ya dziko la England, komanso ndi limene Shakespeare anamwalira mu 1616. Bungwe la UNESCO linasankha tsiku lomweli mu 1995 kukhala la mabuku pa dziko lonse, mwa zina chifukwa imfa ya mlembi wa ku Spain, Miguel de Cervantes, nayonso imakumbukiridwa pa 23 Epulo 1616. Koma awiriwa sanamwalire m'sabata imodzi. Spain inali itayamba kale kalendala imene tikugwiritsa ntchito lero, pomwe England inakakamira yakale mpaka 1752, ndipo makalendala awiriwa ankasiyana ndi masiku 10. Pa kalendala yathuyi Shakespeare anamwalira pa 3 Meyi.

Kwawo ku Stratford chikondwerero chake n'chodekha kusiyana ndi cha ku Chicago. Pamakhala perete wodutsa m'tawuni, ana a sukulu ya King Edward VI, kumene anthu amakhulupirira kuti iye anaphunzira, amanyamula maluwa kukasiya pamanda ake m'tchalitchi muja, ndipo chiboliboli chake cha pakhoma amachisinthira cholembera cha nthenga n'kuchipatsa chatsopano.

Tsopano chilankhulocho. Letsani ana kuchitchula kuti Old English. Old English ndi cha zaka 1,000 zapitazo kapena kuposa, ndipo Mngerezi wa lero sangachiwerenge asanachiphunzire ngati chilankhulo chachilendo. Pambuyo pake panabwera cha nthawi ya Geoffrey Chaucer, amene anamwalira mu 1400. Cha Shakespeare ndi chachitatu, akatswiri amachitcha Early Modern English, ndipo ndi chomwechi mumaphunzitsachi chisanakhwime. Tengani tsamba lililonse la Macbeth, mudule mzere kunsi kwa mawu amene anatheratu, muona kuti ndi ochepa. Zimene zimagwetsa ana ndi zina: mawu odziwika amene anasintha tanthauzo, ziganizo zotembenuzidwa kuti zilowe m'kagundidwe ka ndakatulo, ndi mafanizo osanjikizana. Akumbutseninso kuti amalonda a mumsika wa ku London sankagulitsa nsomba m'mizere ya ndakatulo. Chimenechi ndi chilankhulo cha pansanja, chosulidwa kuti chimveke patali ndi kukhala m'mutu.

Mutu wa nkhani yonseyi wagona pa mawu awiri, thou ndi you, ndipo apa ndikhalitsapo.

Ambiri ochita nawo tsikuli amaganiza kuti thou ndi liwu laulemu, loyenera mafumu. Ayi, n'zosemphana. Thou ndi "iwe", you ndi "inu". Kale kwambiri thou linali la munthu mmodzi, ye ndi you a anthu ambiri. Kuyambira m'zaka za m'ma 1200, potengera Chifalansa chomwe akuluakulu a ku England ankalankhula, anthu anayamba kuitana munthu mmodzi wolemekezeka ndi liwu la anthu ambiri, ndendende mmene ife timanenera "inu" kwa agogo ali okha pakhonde. Pofika nthawi ya Shakespeare you linali litafala moti anthu apamwamba ankaitanirana lomweli okhaokha, ndipo thou linatsalira ana, antchito, ziweto, mizimu, okondana akakhala awiri, ndi munthu amene wafuna kumuvula ulemu. Podzafika m'zaka za m'ma 1700 linali litatha m'kamwa mwa anthu ophunzira, ngakhale kumpoto kwa England, monga ku Yorkshire, limamvekabe m'kalankhulidwe ka kumeneko.

Nanga ulemu umene anthu amaumva pa thou ukuchokera kuti? Kutchalitchi. Baibulo la King James la 1611 linasunga thou pa aliyense amene ali mmodzi, kaya ndi Mulungu kaya ndi Satana, pofuna kutsata Chihebri ndi Chigiriki zomwe zimasiyanitsa mmodzi ndi ambiri. Liwulo litatha m'misewu linatsalira m'mapemphero ndi m'nyimbo, n'kuyamba kumveka lopatulika. Taonani kusiyana kwake ndi kwathu kuno. Buku Lopatulika limati "Dzina lanu liyeretsedwe", pomwe Chingerezi cha 1611 pa malo omwewo chili ndi thy name, lomwe kunja kwa tchalitchi linali "dzina lako".

Umboni wakuti thou linkaluma ulipo ngakhale kunja kwa zisudzo. Mu 1603, pa mlandu wa Sir Walter Raleigh woukira mfumu, loya wamkulu wa boma Sir Edward Coke anamukalipira kuti "I thou thee, thou traitor", ndiko kunena kuti ndikukutchula iwe mwadala, woukira iwe. Mu sewero la Twelfth Night, Sir Toby akuphunzitsa mnzake kalembedwe ka kalata yoputa ndewu, ndipo akumulangiza kuti mdaniyo amunene thou mwina katatu. Mwana wa ku London wa lero amafunika kuwerenga zimenezi m'timawu ta kunsi kwa tsamba. Mwana wa ku Dedza anamvapo kale wachikulire akufunsa kuti "Ukuti iwe kwa ndani?", ndipo akudziwa mmene pabwalo pamakhalira zii mawu amenewo akatuluka. Akudziwanso kuti "iwe" yemweyo m'kamwa mwa mayi kapena mwa bwenzi ndi wachikondi. Ndipo akudziwa chachitatu: kholo likayamba kukunena kuti "inu" uli mwana, ndiye kuti zavuta.

Chachitatu chimenechi chili mu Hamlet, Act 3 Scene 4. Mayi ake a Hamlet akuyamba ndi thou, monga mayi kwa mwana wake, kumuuza kuti walakwira bambo ake. Hamlet akubweza mawu omwewo ndi you, monga mwana ayenera kuchitira. Mzere wotsatira mayi aja nawonso asintha, ayamba kumunena you. Shakespeare sanalembe pambali kuti apa mayiwa apse mtima. Kusintha kwa kaliwuko ndiko kukuuza wosewera chochita.

Tsegulani Macbeth wanuyo pa Act 1 Scene 7, pamene Macbeth wachoka paphwando n'kuuza mkazi wake kuti zopha Duncan zija zilekeke. Mkaziyo akulowa ndi you: mwachokeranji m'chipinda muja, simukudziwa kuti mfumu yakufunsani? Akupitiriza ndi you yemweyo pomufunsa ngati chiyembekezo chake chija chinali choledzera. Kenaka, pakati penipeni pa mawu ake, atembenuka: kuyambira lero chikondi chako ndichiwerengera chomwecho, kodi ukuopa kukhala m'zochita chimene uli m'zokhumba? Apa ndi thy, thou, thine. Macbeth atadziteteza kuti angathe kuchita chilichonse choyenera mwamuna, mkazi uja abwerera ku you, kumuuza kuti pamene munalimba mtima kuti muchita, pamenepo ndiye munali mwamuna. Amuyandikira, amubaya, n'kubwereranso patali. Funsani ana anu kuti "iwe" wa pakatiyo ndi wa mkazi amene akunyengerera mwamuna wake, kapena wa mkazi amene akumunyoza? Yankho si limodzi, ndipo osewera otchuka akhala akusankha mosiyanasiyana. Koma kalasi imene yakangana pa funso limeneli yawerenga gawolo mozama kuposa imene yaloweza tsamba lathunthu la manotsi onena kuti Lady Macbeth ndi wadyera.

Mukatero apatseni ntchito yosaka m'buku lonse. Apeza kuti mpeni wa m'masomphenya uja Macbeth akuunena thee. Mzukwa wa Banquo paphwando akuunena thou, ngakhale Banquo ali moyo, mu Act 3 Scene 1, anali you. Wantchito wobwera ndi uthenga wa asilikali mu Act 5 Scene 3 akulandira thou ndi chipongwe pamwamba. Chenjezo langa ndi lakuti musawauze ana kuti ili ndi lamulo losasweka. Pali malo amene Shakespeare amasintha popanda chifukwa choonekera, mwina chifukwa mneni wa thou akanalemera pa lilime kapena akanaononga kagundidwe ka mzere. Mwana aphunzire kufunsa kuti "wasinthiranji apa?", osati kuloweza yankho.

Malamulo oti masewerawo asakhale aphwanyaphwanya ndi ochepa, akwana pa bolodi limodzi. Thou ndi wochita, thee ndi wochitiridwa. Thy ndi thine ndi za umwini, thy kutsogolo kwa lembo lopanda liwu ndi thine kutsogolo kwa lembo laliwu, monga thy face ndi thine eyes. Mneni wotsatira thou amathera ndi -st kapena -est, monga thou hast, thou dost, thou knowest, kupatula ochepa monga thou art, thou wilt ndi thou shalt. Ndipo -eth uja ndi wa he, she ndi it basi: he hath, she doth. Wonena kuti "I goeth" kapena "thou goeth" sakulankhula Chingerezi cha nthawi iliyonse. Ngakhale pa he ndi she pomwe, -eth anali akutha kale, ndipo Shakespeare ankasakaniza ndi -s malinga ndi maphatikizo amene mzere ukufuna. Portia mu The Merchant of Venice, polankhula za chifundo, akuti "It blesseth him that gives and him that takes": wakale mmodzi, atsopano awiri, mumzere umodzi.

Pali zolakwika ziwiri zofala zimene ana azikumana nazo pa intaneti. Wherefore si "kuti", ndi "chifukwa chiyani". Ponena kuti "Wherefore art thou Romeo?" mu sewero la Romeo and Juliet, Juliet sakufunafuna kumene Romeo wabisala, akudandaula kuti bwanji mnyamata amene wamukonda ali Romeo, mwana wa banja la adani. Ndipo "ye olde" wa pa zikwangwani za masitolo a alendo si ye wa "inu" uja. Ndi the, wolembedwa ndi lembo lakale lomwe linkaoneka ngati y.

Chifukwa chachikulu chimene ndikulikondera tsikuli n'chakuti limabweza Shakespeare pakamwa. Iye sanalembere anthu owerenga chamumtima. Nyumba ya zisudzo ya Globe, imene gulu lake linamanga mu 1599 kutsidya la kummwera kwa mtsinje wa Thames, inali yopanda denga pakati. Ankasewera masana, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu ofika mwina 3,000, ndipo osauka ankalipira peni imodzi n'kuimirira pansi mozungulira nsanja. Magetsi kunalibe, zojambula za kumbuyo kunalibe, ndipo mbali za akazi ankasewera ndi anyamata, chifukwa akazi anayamba kukwera nsanja za ku London mu 1660. Tsono ganizirani Macbeth, sewero limene mbali yake yaikulu imachitika usiku. Dokotala wina wopenda nyenyezi, Simon Forman, analemba kuti analionera ku Globe komweko mu Epulo 1611. Mdima unkachokera kuti masanasana? M'mawu. Banquo akuuza mwana wake kuti kumwamba akusunga, makandulo awo onse azimitsa, ndipo omvera aja akuona usiku wopanda nyenyezi. Kuwerenga sewero lotere mwakachetechete kuli ngati kuwerenga mawu a nyimbo ya chimtali papepala, ng'oma ndi m'manja palibe.

Choncho pa tsikulo ana aombe m'manja. Mzere wa Shakespeare nthawi zambiri umakhala ndi maphatikizo 10, lofooka kenaka lamphamvu, kasanu. Chichewa chathu chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pomwe Chingerezi chimagunda, ndiye khutu la mwana limafunika kuzolowetsedwa. Yambani ndi mawu oyamba amene Macbeth akulankhula m'sewerolo, "So foul and fair a day I have not seen", akuomba pa foul, fair, day, have ndi seen. Kenaka abwerere ku Scene 1 anene a afiti aja, "Fair is foul, and foul is fair". Amva okha kuti kagundidwe kasintha: mzere ndi waufupi, ukuyamba ndi kugunda, ukumveka ngati matsenga akutchulidwa. Ndipo wina mwa iwo adzazindikira yekha kuti Macbeth akunena mawu a afiti asanakumane nawo n'komwe. Limenelo ndi yankho la pa mayeso limene mwana sangaliiwale, chifukwa walipeza ndi khutu lake.

Aonetseninso kumene ndakatulo ikusweka. Duncan atangophedwa, mu Act 2 Scene 2, mwamuna ndi mkazi wake akuponyerana timawu tating'onoting'ono: simunalankhule? liti? pompano, pamene ndimatsika? inde. Ana awiri anene mofulumira, osapumira, amve mmene mantha amadulira mpweya. Mlonda wa pachipata woledzera uja salankhula m'ndakatulo. Lady Macbeth, amene poyamba mizere yake inali yolimba ngati chitsulo, akamayenda ali mtulo mu Act 5 nayenso salankhulanso m'ndakatulo. Maganizo atasweka, mzere nawo wasweka.

Mbali imene ana adzaikonde kwambiri ndi ya chipongwe, ndipo aloleni, bola mugwirizane malire. Pa intaneti pali timakina tolumikiza mawu atatu n'kupanga mwano womveka wachikale. Ndi toseketsa, koma zambiri zotulukamo Shakespeare sanalembe motero. Za iye mwini n'zokoma kuposa. Macbeth akunena wantchito wamantha uja "cream-faced loon" ndi "lily-livered boy", kumuseka kuti nkhope yayera ngati mkaka ndipo chiwindi chilibe magazi, poti anthu a nthawiyo ankakhulupirira kuti kulimba mtima kumakhala m'chiwindi. Mu King Lear, Kent akunyoza Oswald pomutchula kuti ndi zedi, lembo lopanda ntchito. Lamulo likhale lakuti mwano uliwonse uchokere m'buku, ndipo wounena afotokoze tanthauzo lake ndi amene anaunena kwa yani. Mwana wofuna chida chogonjetsera mnzake atsegula buku limene wakhala akulithawa. Mawu olumbira monga zounds, lomwe ndi chidule cha "mabala a Mulungu", asiyeni. Ngakhale ku England komweko lamulo la 1606 linkalipiritsa mapaundi 10 wosewera aliyense wotchula dzina la Mulungu mwachibwana pansanja.

Musawakakamize kutsanzira Chingerezi cha kunyumba yachifumu kapena cha owerenga nkhani pa BBC. Shakespeare sanachimvepo chimenecho. Mu 2004 Globe yatsopano, imene inatsekulidwa mu 1997 pafupi ndi pomwe panali yakale, inasewera Romeo and Juliet m'katchulidwe ka nthawi ya Shakespeare mothandizidwa ndi katswiri wa zilankhulo David Crystal. Kanamveka kofulumira, ka kumudzi, lembo la r likumveka ponseponse, ndipo mawu ena amene lero safanana kumapeto, monga love ndi prove, anagwirizana. Ngati Angerezi eni ake a lero amamutchula Shakespeare mosiyana ndi mmene iye ankadzimvera, palibe chifukwa choti mwana wa ku Dedza achite manyazi ndi lilime lake. Chofunika ndi kugunda pamalo oyenera ndi kudziwa chimene akunena.

Mudzaonanso polembedwa kuti Shakespeare anapeka mawu 1,700 a Chingerezi. Chiwerengero chimenechi chinakula chifukwa amene ankasonkhanitsa zitsanzo za dikishonale yaikulu ya Oxford ankamuwerenga iye mosamala kuposa alembi ena, ndiye liwu likapezeka koyamba mwa iye ankaliika pa dzina lake. Mabuku akale atalowetsedwa m'makompyuta, mawu ambiri apezeka kuti analipo kale. Ukulu wake suli pa kupeka mawu, uli pa zimene ankachita nawo.

Pali anthu awiri amene ndikanakonda atchulidwe m'kalasi mwanu tsiku limenelo: John Heminges ndi Henry Condell. Anali osewera anzake a Shakespeare. Patatha zaka 7 iye atamwalira, mu 1623, anasonkhanitsa masewero ake 36 m'buku limodzi limene timalitcha First Folio, ndipo 18 mwa amenewo anali asanasindikizidwepo. Macbeth ndi limodzi la 18 amenewo, pamodzi ndi Julius Caesar, The Tempest ndi Twelfth Night. Pakanapanda abwenzi awiriwa, buku limene ana anu ali nalo m'manjalo bwenzi palibe.

Gawo lomaliza la tsikulo ndingakonde likhale la Chichewa, ndipo musaope kuti mukuchimwira phunziro la Chingerezi. Njirayi anaiyamba ndi akuluakulu. Sol Plaatje wa ku South Africa anatulutsa The Comedy of Errors m'Chitswana mu 1930. Julius Nyerere anatulutsa Julius Caesar m'Chiswahili mu 1963 ali mtsogoleri wa dziko la Tanganyika (Tanzania ya lero), kenaka The Merchant of Venice mu 1969. Welcome Msomi anasamutsira Macbeth kwa Azulu m'sewero la uMabatha mu 1970, ndipo linakafika ku London mu 1972. Kwathu kuno Stanley Onjezani Kenani anamasulira Romeo and Juliet m'Chichewa, ndipo linaseweredwa mu 2016. Gawani ana m'magulu, gulu lililonse litenge mizere 10 kapena 12 ya Act 1 Scene 7, aimasulire, aisewere. Chichewa sichidzawalola kuzemba: mneni aliyense ayenera kukhala wa "iwe" kapena wa "inu", ndiye pa mzere uliwonse ayenera kubwerera ku Chingerezi kukaona chimene Shakespeare anasankha. Kuti amasulire fanizo ayenera kuyamba alimvetsa. Inuyo mukamazungulira m'magulumo mudzaona msanga pamene pali mbuna, kusiyana ndi kudikira kuchonga mayeso a pakutha pa teremu.

Ngati mabuku ndi ochepa, lembani gawolo pa bolodi, mwana aliyense atenge mzere umodzi auloweze, kenaka aimirire mozungulira anene motsatizana. Wamanyazi amene sangasewere mbali yathunthu mzere umodzi angaukwanitse.

Pa za afiti ndikupempheni kusamala. Ku England nkhaniyi sinali yoseketsa pa nthawi imene sewerolo linkalembedwa, cha m'ma 1606. Mfumu James, amene anali mtetezi wa gulu la Shakespeare kuyambira 1603, anali atalemba buku la zaufiti mu 1597, ndipo anthu ankanyongedwa pa milandu yotere. Kwathu kuno nayonso si yoseketsa, ndipo dzina lopatsidwa m'kalasi limatha kumutsatira mwana mpaka kumudzi. Musaloze mtsikana mmodzi kuti iwe ukhala mfiti. Mizere imeneyo inenedwe ndi kalasi yonse pamodzi, kapena ndi odzipereka okha, anyamata ndi atsikana omwe. Imamvekanso bwino ikanenedwa ndi mawu ambiri.

Tsono za kusokoneza Chingerezi chawo. Ana anu amasintha kale kalankhulidwe kangapo patsiku: china kwa agogo, china kwa anzawo pa mpira, china kwa inu m'kalasi, ndipo sasokoneza. Chimene amafuna ndi kuuzidwa malire momveka. Auzeni kuti thou ndi hath ndi za pakamwa, za tsiku limenelo, ndiponso za pamene akugwira mawu a m'buku poyankha funso la Literature. Mu chimangirizo, m'kalata ndi m'mayankho awo eniake alembe Chingerezi cha lero. Ntchito yolemba ya tsikulo ikhale yotembenuza mbali inayo: atenge mizere ya Shakespeare ailembe m'Chingerezi chosavuta cha masiku ano, chifukwa ndilo luso limene mayeso a MSCE adzawafunse. Kulemba nkhani zawo m'Chingerezi chachikale musawapatse.

Ngati 23 Epulo igwera pa holide kapena pa Loweruka, sankhani tsiku lina lapafupi, makamaka lisanafike phuma la kubwereza za mayeso. Ku Stratford komweko perete amamuchita kumapeto kwa sabata yoyandikana ndi tsikulo. Maphunziro awiri otsatizana akukwanirani: loyamba la malamulo a pa bolodi, kuomba m'manja ndi chipongwe cha m'buku, lachiwiri la kumasulira ndi kusewera Act 1 Scene 7. Akuluakulu a pasukulu muwadziwitse nthawi ilipo, kuti akamva ana akunena mnzawo "lily-livered boy" pabwalo adziwe kuti ndi ntchito imene mwawapatsa.